Yankho kwa msuweni wa ku Lusaka

Eee, halo... ikujambula iyi? Ya, ikujambula. Msuweni, mwamuna wanga wa m'tauni, funso lako ndaliona pa gulupu. Akuti, "kodi muno mu Lusaka munthu angakakhale kuti panja Loweruka, m'nyumba mwatenthetsa." Ndiye onse angokuikira tizithunzi ta dzuwa, wina mpaka ka ambulera, koma wokuyankha palibe. Basi ndikuyankhe ine, poti ndinakhalako zaka 7... ayi, 8, tikawerengera chaka chija cha ku Mtendere chimene sititchula pamaso pa amayi.

Choyamba usalire ngati Okutobala wayambira iwe. Kuno ku Chipata nakonso kwaotcha, phiri la Kanjala likungooneka mbuu, malaiti apita kuyambira m'mawa, madzi a mufiriji ali ngati osamba. Ndipo inu a ku Lusaka muli bwino, tauni yanu ili pokwera, madzulo kamphepo kamabwera. Ukafunse amayi ogulitsa nsomba zouma pa Luangwa Bridge paja kuti kutentha n'chiyani, akakuseka.

Malo alipo, sindikukana. Munda Wanga ku Chilanga, ukwera minibasi za msewu wa ku Kafue, mitengo yake njaikuluikulu, mthunzi wokhawokha. Kuli Lusaka National Park, ija anatsegula mu 2015, kuli mbidzi, akadyansonga, ndi tiana ta njovu tamasiye timene amatiyamwitsa ndi mabotolo, koma uko n'kofuna galimoto, ndipo upite m'mamawa, masana nyama nazo zimabisala. Kuli Kalimba kwa ng'ona ndi njoka, ngakhale iwe amene unathawa nalimata kubafa kwa agogo sindikuona ukafikako. Ehe. Ndatchula. Koma dikira, ndisanaiwale.

Ukuidziwa nkhani ya amalume a ku Chadiza, atate ako aakulu, ulendo wawo woyamba wa ku Lusaka? Unali usanabadwe. Chinali chaka cha 1989, nthawi ya a Kaunda, ija ya makuponi a ufa. Mwezi womwe uno. Anawatuma kukagula chitsulo cha chigayo cha agogo aamuna, chigayo chija chimene mpaka lero anthu sapatsana moni bwino chifukwa cha icho, koma zimenezo tisiye. Munthu ananyamuka atavala suti yakuda ya pa ukwati wawo, ndi kajekete kam'kati komwe, taye pakhosi, mu Okutobala! Makilomita opitirira 500 m'basi, Katete, Sinda, Petauke, Nyimba, kukwera ndi kutsika mapiri aja, iwo jekete osavula. Akuti munthu sulowa mu likulu ngati ukupita kudimba.

M'manja basiketi. Azakhali anawaikira nkhuku yootcha, mbatata, chigubu cha thobwa, ndiye pansi penipeni, m'nyuzipepala, mbewa zouma. Zokonzedwa bwino, pa kamtengo.

Atafika, kuyenda kuyenda mpaka Cairo Road. Kuyang'ana Findeco House m'mwamba mpaka chipewa kugwa chagada. Thukuta lili kamukamu. Ndiye anaona mitengo ija ili pakati pa msewu, uku magalimoto, uku magalimoto, pakati mthunzi. Iwo amvekere, "aa, boma laganiza bwino, latiikira paki." Kuoloka. Kuyala nyuzipepala. Kuvula nsapato, masokosi kuwayanika pa basiketi. Hahaha, pepani, ndikamaganiza masokosiwo... dikira ndipume.

Ndiye akudya choncho, kudutsa M'bemba wina wa chikwama cha ku ofesi. Wangowaona n'kudziwa kuti awa ndi a kum'mawa, si ukudziwa chimbuya chathu ndi iwo aja. Akuti, "imwe, mbewa mwasiya kuti?" Ankaganiza kuti akuwanyoza. Amalume osayankha, kungopisa dzanja m'basiketi, kutulutsa kamtengo konse, akuti "izi apa, koma anyani anu ndilibe, munadya kale onse." Munthu uja kuseka mpaka kukhala pansi, ndi thalauzi lake la ku ofesi. Thobwa anamwa. Mbewa... amalume amalumbira kuti anadya imodzi, ine sindinalipo.

Kenako mesenjala wina wa ku Katete wamva kalankhulidwe, waima. Mayi wogulitsa nshawa wa ku Petauke wasendeza beseni lake. Wina wabwera ndi wailesi. Pofika 16 koloko anali anthu 7 pakati pa Cairo Road, kufunsana mifunda, uyu Phiri, uyu Banda, uyu Jere, mpaka kupezana chibale. Sitolo ya zitsulo n'kutseka iwo ali pompo. Chitsulo sanagule tsiku limenelo... ayi, ndanama, sanagule ulendo wonsewo, ndalama ina inathera pa zakumwa za alendo. Anakagona ku Matero kwa mesenjala uja, ndipo ndi kumene kunachokera alamu athu aja, ukudziwa amene ndikunena. Mpaka kumwalira kwawo, ukawafunsa malo okoma mu Lusaka, ankati "paki ya pa Cairo Road." Ife kuwauza kuti amalume, si paki ija. Iwo, "inu simunakhalepo."

Eee, ndimati chiyani... ya. Iwe.

Msuweni, ine ndakusintha matewera, usandinamize. Iwe malo ukuwadziwa, foni yako njodula kuposa yanga, ukanangofunsa Google. Wafunsa pa gulupu la banja chifukwa wasowa anthu. Kuyambira Juni pamene unayamba ntchito, zithunzi zonse zimene umaika ndi denga la malata, mbale imodzi, sipuni imodzi. Lamulungu lapita unatumiza mauthenga 12 pa gulupu, ndinawerenga, mpaka kufunsa ngati galu wa agogo akadali moyo. Munthu amene ali ndi pokhala Lamulungu safunsa za galu. Chakutentha m'chipinda chako cha ku Chelstone si dzuwa lokha ayi.

Ndipo ukapita wekha ku Munda Wangako, udzalipira pakhomo, udzakhala pa benchi, udzaona mabanja atayala zitenje, ana akuthamangitsana, iwe uli ndi botolo limodzi la madzi, udzabwera mtima uli wolemera kuposa mmene unapitira. Ndikunena zimene ndinachita ine chaka choyamba, ndinalira m'minibasi kuchokera ku Chilanga mpaka m'tauni, kondakitala mpaka kundibwezera chenji chonse osandivuta.

Ndiye tamvera. Azakhali a ku Chawama ali ndi mtengo wa mango pakhomo, waukulu, pansi pake mphasa ziwiri zimakwana. Akufunsa za iwe kawiri konse, akuti mwana wa achimwene ali mu Lusaka koma nkhope sitinaione. Ndikudziwa, ndikudziwa, za pa maliro paja. Zinatha zija, iwo anaiwala kale, watsala ndiwe. Gula nkhuku yamoyo, shuga paketi imodzi, upite Loweruka. Anyamata awo amapita ku mpira ku Heroes Stadium, akakutenga, ukaone ndi manda a osewera athu aja anafa pa ngozi ya ndege mu 1993 pafupi pomwepo. Pa 24 ndi holide ya ufulu, uwanyamule onse, mpunga m'poto, chitenje, ndiye mupite ku Chilangako muli gulu. Pamenepo ndiye udzandiuza kuti malo ndi okoma.

Kapena ngati pali kamtsikana kamene ukufuna kupita nako, ndiye wayamba ndi funso la nyengo kuti tisadziwe... hehe, nenatu msanga, ine mkazi wamkulu ndiyenera kudziwa. Koma sindikuganiza. Mawu ako pa foni tsiku lija sanali a munthu amene ali ndi chibwenzi.

Anthu, msuweni. Yamba wapeza anthu, mthunzi mukafunira limodzi. Nambala ya azakhali ndikuikira pambali, osati pano, pano pali makutu ambiri. Uwaimbire lero, usadikire Lachisanu. Ndipo chithunzi cha Loweruka ndikufuna ndione mitu yosachepera isanu, ukatumiza cha mtengo wokha ndikubwezera.

Iii, mphika wanga... iwe, chotsa ndiwozo pamoto! Basi ndapita, moni kwa onse pa gulupu.