Mjigo wathu unatsamwa, kope la manambala linapita ndi okumba

Lachiwiri usiku ndinalandira kalata ya mnyamata amene akuphunzira za migodi ku ISPT, sukulu ya ukachenjede ya ku Tete. Akufunsa ngati makina a magetsi aja ofunira madzi angaonetse kuti laimu kapena dzimbiri zayamba kuundana m'timipata ta mchenga pansi panthaka. Achimwene, mwandikanda pa chilonda.

Kwathu ndi kufupi ndi phiri la Domue, ku Angónia. Mjigo wa m'mudzi mwathu usanakumbidwe, kunabwera anyamata atatu ndi mawaya okulunga, batire ndi zikhomo zinayi zachitsulo. Ife ana ndiye tinali othamanga ndi zikhomozo. Pomwe dothi linali gwa, ankatituma kuthira madzi amchere patsinde pa chikhomo kuti magetsi alowe. Wamkulu wawo analemba manambala m'kope lakuda, nkuloza pafupi ndi mtengo wa muwanga. Madzi anatulukadi, amayi nkululuta nthungululu.

Patapita zaka 7 mjigo unayamba kunyinyirika. Mayi anga ankapopa mpaka thukuta kamukamu, chidebe osadzaza. Madzi akagona, m'mawa pansi pa chidebe pamakhala psuu. Zonena zinachuluka. Ena amati mvula yachepa, ena amati bulugamu wamwa madzi, ndipo ena anatchula dzina la agogo ena okhala okha kumapeto kwa mudzi. Tsiku lozula mapaipi tinapeza timabowo tolowera madzi titamatika ndi zofiirira zangati phala la mawere louma. Ndi chitsulo chosungunuka m'madzi, chomwe chikakumana ndi mpweya chimaundana, mothandizidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Agogo aja anamwalira palibe anawapepesa. Mpaka lero zimandiwawa.

Tsono mvetsani. Mchenga paokha sudutsitsa magetsi. Magetsi amayenda m'madzi a m'timipata, atanyamulidwa ndi mchere wosungunuka, ndipo katswiri wina, Gus Archie, analemba samu yake mu 1942. Zikhomo ziwiri zakunja zimalowetsa magetsi, ziwiri zamkati zimayeza, monga momwe katswiri winanso, Frank Wenner, anakonzera mu 1915. Calcite, yomwe ndi laimu uja, ikaundana, timipata timachepa, nthaka imakaniza magetsi kwambiri, nambala ya kukanizako (resistivity) nkukwera. Koma msampha uli pomwepa. Nambala yomweyo imakweranso chilimwe madzi akatsika. Imakweranso mchere ukachepa m'madzi, ndipo kuundana kwa calcite komweko kumachotsa mchere m'madzimo. Kutentha nako kumaisuntha ndi pafupifupi 2 peresenti pa digiri iliyonse. Ganizirani nthaka yapamwamba ya ku Moatize mu Okutobala, dzuwa litapyola madigiri 40, muiyerekeze ndi ya ku Tsangano mu Juni.

Nchifukwa chake odziwa amawonjezera njira ya induced polarization. Mukazimitsa magetsi, nthaka imasungako pang'ono ngati batire lotopa, kenako nkutaya pang'onopang'ono. Pyrite, mwala wa chitsulo ndi sulufule womwe umapezeka m'miyala ya malasha, imayankha mokweza. Calcite imangonong'ona. Mu labotale imamveka bwino: amadzaza paipi ndi timikanda tagalasi, amalowetsa mankhwala awiri opanga calcite, calcium chloride ndi sodium carbonate, nkumayeza pamene zoyera zikumera pa timikandato. Kumunda ndi nkhani ina. Mapaipi achitsulo a mjigo ndi mawaya a magetsi oyandikira zimaphimba kunong'ona konseko.

Ndipo pano ndinene mosabisa: kupima kamodzi nkuchoka ndi kubera mudzi. Makina awa sanena kuti "apa pali dzimbiri". Amangonena kuti lero pasiyana ndi chaka chatha. Popanda manambala oyamba mulibe poyerekezera. Kope lakuda lija linakwera galimoto ndi eni ake, komiti ya mjigo sinalandire ngakhale tsamba limodzi. Timasonkhetsa anthu ndalama za girisi ndi marabala mwezi ndi mwezi, koma pepala lonena mmene pansi panalili tsiku loyamba palibe amalifunsa. Mwana wa kusikelo amakhala ndi khadi lake, mayi amalisunga m'pepala lapulasitiki kuti lisanyowe. Mjigo womwetsa mudzi wonse ulibe khadi bwanji? Ine ndimati wokumba asalandire ndalama yomaliza asanasiye manambala kwa amfumu ndi komiti.

Ndiye muchite chiyani?

Pa funso lanu lija, inde, zingatheke, koma osati ndi makina okha. Khomani zikhomo pamalo osasintha, muyeze nyengo yofanana chaka ndi chaka, tsiku lomwelo mulembe kuya kwa madzi, kutentha kwake ndi mchere wake. Kwa mjigo umodzi wa m'mudzi, kamera yotsitsira m'dzenje ndi kuwerenga zidebe pa ola zikuuzani msanga. Yambani ndi paipi ya mchenga wa mu mtsinje wa Revúbuè ku sukulu kwanuko, ndipo manambala oyambawo mundikopereko.