Maulendo opita ndi kubwera tsiku lomwelo kuchokera mu Blantyre

Achemwali, mwafunsa kuti munthu wokhala mu Blantyre, wopanda galimoto komanso wa m'thumba mopepuka, angapite kuti kukayenda n'kubwerako tsiku lomwelo, ndiponso kuti ife amene takhala tikukwera mapiri chaka chino taonako zotani. Yankho langa litalikirapo, mundipirire.

Musanasankhe malo, yambani mwayang'ana mwezi. Phiri limene lingakusangalatseni mu June likhoza kukuliritsani mu October. Kuyambira December mpaka March njira zimakhala zoterera, udzu umafika m'khosi, ndipo kamtsinje kamene mwawoloka m'mawa mukungodumpha miyala kakhoza kukutsekerani njira pobwerera ngati kumtunda kwagwa mvula. April ndi May ndiye miyezi imene ine ndimaikonda koposa: kukadali kobiriwira, mathithi ali ndi madzi ambiri, ndipo kumwamba kumakhala koyera moti mumaona kutali. June ndi July kumayendeka bwino chifukwa kumazizira, koma samalani ndi chiperoni, nkhungu ya mvula yowaza ija imene imachokera mbali ya ku Mozambique n'kukhala masiku angapo osachoka. Samalaninso ndi chitedze m'mbali mwa njira udzu ukayamba kuuma. Kukafika September ndi October kumatentha, anthu amatentha tchire posaka mbewa, utsi umaphimba chilichonse, ndipo mukhoza kukhetsa thukuta mpaka pamwamba osaona ngakhale Limbe.

Kagulu kathu timayenda Loweruka, ndipo tinayamba ndi mapiri amene tonse timawaona tikamapita kuntchito: Michiru, Ndirande ndi Soche. Amenewa sakudyerani ndalama kupatula ya minibasi. Kwa munthu woyamba kumene, ndimati ayambire ku Michiru. Mbali ya ku Chilomoni kuli Njira ya Mtanda, imene Akatolika amakwera akupemphera makamaka nyengo ya Lenti, ndipo njirayo ndi yooneka bwino, simungasochere. Mukafuna nkhalango ndi mbalame, lowerani ku ofesi ya malo otetezedwa a Michiru, mulipire kangachepe, akupatseni wokuperekezani. Anyani ndi apusi mukawaona ndithu. Ndirande ndiye wamtali mwa atatuwa, amapitirira mamita 1,600, ndipo cha kumapeto pali malo amene muyenera kugwira miyala ndi manja. Kumeneko pitani muli gulu, foni ikhale m'chikwama.

Soche anatikhudza mwamtundu wina. Tinakwera ndi bambo wina wa ku Chilobwe amene anationetsa pamene panadutsa matope usiku wa namondwe wa Freddy, mu March 2023. Chipsera chake chikuonekabe kuchokera pamwamba mpaka m'nyumba za anthu, ndipo miyala ina imene inagubuduka ndi yaikulu ngati nyumba. Bamboyo sanalankhule zambiri. Ankangoloza ndi ndodo kuti apa panali banja lakutilakuti, apo panali khomo la mnzake. Tinafika pamwamba tili chete, n'kupeza amayi atagwada pamwala akupemphera, monga zimakhalira m'mapiri athu ambiri. Mukawapeza otere, dutsani mwaulemu, sipika ya nyimbo muzimitse.

Ku Zomba ndiye ulendo umene ndingauze aliyense kuti ayesere, ngakhale ali ndi ana. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 70, ndipo mukakwera minibasi ya m'mamawa ku Limbe mumakafika nthawi yabwino. Amphamvu amakwera wapansi kudzera njira yachidule yotchedwa Potato Path, imene ndi yotsetsereka kwambiri moti mawondo amadandaula potsika. Ena amakwera njinga yamoto mpaka cha ku Ku Chawe n'kuyambira pamenepo. Pamwamba pali damu la Mulunguzi, limene limapereka madzi mumzinda wa Zomba, pali mathithi a Williams, ndiye pali malo awiri oonera kutali: Queen's View ndi Emperor's View. Achiwiriwa anawatcha choncho pokumbukira ulendo wa mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965. Tsiku lopanda utsi mumaona nyanja ya Chilwa yonse ndi phiri la Mulanje chakumwera, ndipo pansi penipeni pali mzinda umene unali likulu la dziko lino mpaka 1975. Dzenje la Chingwe lili kutali, mbali ya kumadzulo yoyang'ana chigwa cha Shire. Osaliphatikiza ndi malo enawa tsiku limodzi ngati muli wapansi, mudzatsika usiku. M'mbali mwa msewu anyamata amagulitsa mastroberi ndi zipatso zina za m'phirimo m'timbale, tengani ndalama zapamanja.

Chimene sindingabise n'chakuti chaka chonsechi, kulikonse kumene tapita, takhala tikukumana ndi mitengo ikutsika phiri. Ku Zomba ndi amayi osenza mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo eni, ndi anyamata osenza matabwa pamutu akutsika mothamanga opanda nsapato. Ku Michiru ndi zitsa zatsopano ndi mauvuni a makala akufuka utsi masanasana, pamalo amene zaka zochepa zapitazo panali mthunzi. Ndirande anameteka kalekale. Sindingawaloze chala anthu osenzawo, chifukwa makala amenewo amathera m'mbaula zathu zomwe kuno ku tauni magetsi akazima, ndipo iwo akufuna chakudya cha ana. Koma munthu ukaona Soche, n'kuonanso phiri lina likusengedwa chimodzimodzi pamwamba pa nyumba za anthu, mtima sukhala m'malo. Ngati mukufuna kuona nkhalango ya Michiru, musazengereze.

Tsopano Mulanje, kumene tabwererako mobwerezabwereza. Kwerani minibasi ku Limbe, kaya yodzera ku Thyolo pakati pa minda ya tiyi kapena yodzera msewu wa Midima, mutsikire pa Chitakale. Kuchoka apo tengani njinga yamoto kapena galimoto yopita ku Phalombe, mutsike pa Likhubula. Pamenepo pali ofesi ya zankhalango pomwe mumalembetsa ndi kupeza wokutsogolerani. Ulendo wa tsiku limodzi umene ambiri amayamba nawo ndi wa ku Dziwe la Nkhalamba, pafupifupi ola limodzi kuyenda mosathamanga. Madzi amagwa kuchokera pathanthwe n'kugwera m'dziwe lakuya, lozizira kwambiri ngakhale mu October. Apa ndikuchenjezeni mwamphamvu: anthu amirapo pamalo amenewa. Ngati simudziwa kusambira, khalani m'mbali mosaya, ndipo musalole anyamata a m'gulu mwanu kudumpha kuchokera pamwala pofuna kujambulitsa.

Amene miyendo yawo yazolowera akhoza kukwera mpaka pachidikha cha Chambe n'kutsika tsiku lomwelo, koma ayenera kunyamuka pa Likhubula dzuwa likungotuluka. Ndi maola atatu kapena anayi okwera okhaokha. Tinapitako mu May, ndipo amene anatitsogolera anali bambo wamfupi, wachikulire, atavala nsapato zapulasitiki. Anatiimitsa pa chitsa china chakuda, n'kupala pang'ono ndi mpeni kuti tinunkhize. Fungo la mkungudza linali momwemo ngakhale mtengowo unadulidwa kalekale. Mkungudza wa ku Mulanje ndi mtengo wa fuko lathu, ndipo mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi kupatula m'phiri limeneli, koma ikuluikulu inatha ndi macheka. Kenako anatitengera pamene a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akubzala mbande, timitengo tofika m'chiuno, n'kutiuza kuti mdani wake wamkulu tsopano ndi moto wa m'chilimwe. Zimenezi sitikanaziona tikanayenda tokha. Tikanangodutsa.

N'chifukwa chake pa nkhani ya otsogolera alendo sindinyengerera. Ndaona anthu akuwononga ndalama zambiri pa zakumwa, koma akafika pa Likhubula ayamba kunenerera mtengo wa wowatsogolera, kapena kunena kuti foni iwasonyeza njira. Nkhungu ya ku Mulanje imabwera mwadzidzidzi, moti simuona mnzanu amene ali patsogolo panu, ndipo netiweki imasowa malo ambiri. Mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anafera cha ku Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, atapitiriza ulendo yekha. Anthu a kumeneko amalidziwa phirilo, amadziwa pomwe pali madzi akumwa, amadziwanso malo amene makolo amawalemekeza. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu olizungulira. Alipireni mokwanira, mugawane nawo chakudya, ndipo akanena kuti tibwerere, bwererani. Sapitwa yemwe, wa mamita 3,002, si wa tsiku limodzi. Amafuna kugona m'phiri, kawirikawiri m'kanyumba ka Chisepo, ndiye ameneyo mumusiye kaye.

Malo ena ndingowatchula mwachidule. Ku Chiradzulu tinapita pa 15 January, tsiku la John Chilembwe, ku mishoni yake ya PIM (Providence Industrial Mission) ku Mbombwe, kumene kumakhala mapemphero ndi khamu la anthu. Ndi ulendo wa mbiri, osati wotopetsa miyendo. Ku Thyolo mukhoza kuyenda m'minda ya tiyi ya Satemwa, koma yambani mwawafunsa eni ake. Majete ku Chikwawa ndi yekhayo amene amafuna galimoto, ndiye ife tinasonkherana n'kubwereka imodzi. Kuyambira 2003, pamene a African Parks anayamba kuyang'anira malowa, nyama zimene zinatha zinabwezeretsedwa: zipembere, njovu, ndipo mikango inabwera mu 2012. Mumaonanso mathithi a Kapichira, amene analepheretsa David Livingstone kupitirira ndi bwato lake pa Shire mu 1859. Amalawi timalipira mtengo wotsika kuposa alendo akunja, choncho musaiwale chiphaso chanu cha unzika. Pitani nyengo yozizira, chifukwa kutentha kwa ku Chikwawa mu October mukukudziwa.

Za katundu musadzivute. Nsapato zamasewera zimene mwazivala kale n'zabwino kuposa zatsopano, zimene zimatulutsa matuza. Tengani madzi osachepera malita awiri, chipewa, juzi kapena jekete yamvula ngakhale kutacha bwino, ndi chitenje, chimene chimagwira ntchito yoyala, yofunda ndi yomangira bondo likabinya. Chakudya chathu chimakhala mbatata yophika, mtedza, nthochi ndi mazira owiritsa, ndipo ku Mulanje timagula nanazi pamsewu. Tengani jumbo yoikamo zinyalala zanu, chifukwa mabotolo amene atayidwa pa Dziwe la Nkhalamba ndi ochititsa manyazi. Uzani munthu wa kunyumba kumene mwapita. Ife tinapangana kuti ikakwana 1 koloko masana timayamba kutsika, kaya tafika pamwamba kaya sitinafike, popeza minibasi zobwerera ku Limbe zimachepa kukamada.

Ngati mulibe anzanu oyenda nawo, lembani pansi pa yankho lino mbali imene mumakhala. Mvula ikangodukiza tiyambiranso ndi Michiru, kudzera ku Chilomoni, ndipo timayenda pa liwiro la amene ali kumbuyo.