Mafunso anu pa Chichewa cha pa khodi ndi pa mabatani

Mafunso a sabata ino ambiri achokera kwa anthu olemba mapulogalamu, makamaka kagulu kena komwe kakuwonjezera zinthu pa pulogalamu ya pa intaneti ya open source ndipo akufuna kuti izilankhulanso Chichewa. Ndasankhapo angapo, ena ndawafupikitsa chifukwa munalemba ngati kalata yofunsira ntchito.

Woyamba akuti: "Aphunzitsi, open source tingangoti pulogalamu yaulere?"

Ayi achimwene, pamenepo mwasemphana nazo. Mapulogalamu ambiri a pa foni simulipira kanthu koma khodi yake, malangizo omwe analemba kuti pulogalamuyo iziyendera, anaibisa, simungaione ngakhale mutagwada. Ndiye kwinaku laisensi ya GPL, imodzi mwa malaisensi otchuka a open source, siletsa munthu kugulitsa pulogalamu, chachikulu ndi choti amene walandirayo apatsidwenso khodi ndi chilolezo choisintha. Chingelezi ndi chomwe chimasokoneza apa chifukwa mawu awo oti free amanyamula zinthu ziwiri, mpaka Richard Stallman, yemwe anayambitsa GNU, pulojekiti yolemba mapulogalamu a ufulu, mu 1983, wakhala zaka zambirimbiri akufotokoza kuti iye akunena za ufulu osati mtengo, ndipo chisokonezo chomwechi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe ena anayambira kunena kuti open source mu 1998. Ife vuto limenelo tilibe. Ulere ndi wina, ufulu ndi wina, mwana aliyense amadziwa. Ndiye nenani kuti "pulogalamu yomwe khodi yake ili poyera", mukafuna onjezerani kuti "aliyense ali ndi ufulu woisintha". Ndaona ena akulemba "gwero lotseguka", zimenezo ndi Chingelezi chongovala malaya a Chichewa, munthu amva ngati mukunena za kasupe wa madzi.

Wachiwiri ndi achemwali ena omwe akuti awonjezera batani lofufutira zinthu, ndipo mu khodi analemba mzere umodzi woti dzina la chinthu lizibwera kutsogolo kenako mawu oti "yafufutidwa". Pa fayilo zikuyenda bho, koma pa chithunzi ikutulutsa "Chithunzi yafufutidwa". Akufunsa kuti pali mawu amodzi okwanira paliponse?

Funso ili ndi lomwe landisangalatsa kwambiri ndiye mundilole ndichedwepo. Mawu amodzi otero kulibe achemwali, ndipo si vuto lanu, ndi mmene Chichewa chinapangidwira. Pa Chingelezi mneni sasintha kaya mwafufuta chani, ndiye olemba khodi anazolowera kudula chiganizo pakati n'kumalumikiza zidutswa. Kwa ife dzina lililonse lili ndi gulu lake ndipo mneni amatsatira gululo. Taonani: fayilo yafufutidwa, chithunzi chafufutidwa, uthenga wafufutidwa, tsamba lafufutidwa, kabuku kafufutidwa, zithunzi zafufutidwa, mauthenga afufutidwa. Chiganizo chimodzi chomwecho koma kutsogolo kwasintha kasanu ndi kawiri, ya, cha, wa, la, ka, za, a. Kompyuta siidziwa zimenezi pokhapokha mutaiuza.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi yoti chinthu chilichonse chikhale ndi chiganizo chake chathunthu mu fayilo ya zomasulira, ndipo iyi ndi yomwe anthu odziwa za gettext, chida chothandiza kumasulira mapulogalamu, amalangiza kale ngakhale pa ziyankhulo zina, osamalumikiza zidutswa. Imachulutsa mizere inde koma siinama. Yachiwiri ndi yaulesi pang'ono koma ine ndimaikonda: tembenuzani chiganizo kuti mwini nkhani akhale munthu wogwiritsa ntchitoyo. "Mwafufuta chithunzi." "Mwafufuta uthenga." "Mwafufuta mafayilo." Mwaona? Mwa- sakusintha chifukwa akuloza kwa inu, ndiye chilichonse chobwera pambuyo chikulowa bwinobwino. Kungoti samalani musawonjezere tina ngati "chanu" kapena "ichi" kumapeto, mukatero mwabwereranso m'dzenje lomwe lija, muyamba kuona "uthenga chanu".

Pomwepo ndionjezere za manambala poti ndikudziwa kuti mukumana nazo mawa lomweli. Nambala kwa ife imabwera pambuyo pa dzina, mauthenga 5, osati 5 mauthenga, ndiye ngati khodi inakhomerera nambala kutsogolo pemphani kuti womasulira azitha kuisuntha. Pa malamulo a CLDR, nkhokwe yomwe mapulogalamu amatengako malamulo a ziyankhulo, Chichewa anachiika m'gulu la ziyankhulo zokhala ndi mitundu iwiri, chimodzi ndi zambiri, ndiye mudzalemba "Uthenga umodzi" kwina ndi "Mauthenga 5" kwina. Koma ziro amagwera ku zambiri, pulogalamu n'kumati "Muli ndi mauthenga 0", zomwe palibe munthu wamoyo anayankhulapo. Ngati mukugwiritsa ntchito ICU MessageFormat, njira ina yolembera mauthenga omasuliridwa, imalola kuika chiganizo chapadera pa ziro, lembani kuti "Mulibe uthenga" basi. Ndipo -modzi nayenso amatsata gulu, fayilo imodzi, chithunzi chimodzi, tsamba limodzi, ndiye musamuike payekha ngati kachidutswa.

Wina wafunsa mwachidule: "bug ndi kachilombo eti?"

Mawuwo pawokha inde, ndipo pali nkhani yotchuka ya 1947 pomwe anthu ogwira ntchito pa kompyuta ya Mark II ku Harvard anapezadi kagulugufe ka usiku katakanirira m'makina n'kukamata m'buku lawo. Koma pa Chichewa cha lero mukati kachilombo anthu amaganiza za matenda, ndipo mukati pulogalamu ili ndi kachilombo aliyense amva kuti ndi vairasi, ayamba kuopa kutsegula. Bug si vairasi, ndi kulakwitsa kwa wolemba khodi. Nenani kuti cholakwika kapena vuto. Batani lija likhale "Tiuzeni za vuto". Mukamacheza nokhanokha olemba khodi n'kumati "ma bug achuluka" palibe akumangeni.

Kenako pali abambo ena omwe akwiya ndithu. Akuti achinyamata a m'gulu lawo akumati "ndakomita", "tapusha", "sanameje", ndipo iwo akuona kuti uku ndi kupha chiyankhulo, akufuna ndiwapatse mawu enieni a Chichewa a commit, push, fork ndi pull request.

Bambo, pepani koma pano sindili mbali yanu kwenikweni. Tamverani mmene anawo akuwagwiritsira ntchito mawuwo: ndakomita, sizinakomitidwe, undipushire, zapushidwa kale, tizipushirana. Mawu akafika pomalandira -idwa, -ira ndi -ana ndiye kuti Chichewa chawameza, si iwo ameza Chichewa. Ndi momwe tinachitira ndi kufoila ndi kusaina, ndipo palibe amadandaula. Git yeniyeniyo, pulogalamu yosunga mbiri ya khodi komwe mawuwa amagwiritsidwa ntchito, anailemba Linus Torvalds mu 2005, ndi chinthu chaching'ono pa msinkhu, sitingayembekezere kuti agogo athu anatisiyira mawu ake. Komanso malamulo omwe munthu amalemba pa kompyuta ndi a Chingelezi, git commit, git push, ndiye wophunzira akamva "kukomita" amadziwiratu choti alembe, pomwe mukamuuza kuti "kulonjeza" kapena "kudzipereka" monga ena amamasulira kuchokera mu dikishonale mwamutayitsa njira. Commit ndi kungosunga zomwe mwasintha m'mbiri ya khodi pamodzi ndi kauthenga kofotokoza, palibe lonjezo lililonse pamenepo. Push ndi kutumiza zomwe mwakomitazo komwe anzanu angazione.

Pomwe ndikugwirizana nanu ndi pa mawu omwe Chichewa chili nawo kale ndipo akukwana ndendende. Branch ndi nthambi, palibe chifukwa chonenera bulanchi. Merge ndi kuphatikiza, "aphatikiza nthambi yanga" zikumveka bwino kuposa "ameja". Review ndi kuunika. Fork ndiye musayerekeze kunena foloko kkkk, chithunzi chake ndi cha mphanda, pomwe mtengo umodzi wagawikana pawiri, mwakopera pulojekiti ya eni ake kuti muzikonzera kwanu. Pull request ndi yomwe imapusitsa anthu ambiri, ndaonapo "pempho lokoka" ngati kuti wopemphayo ndi amene akukoka, chonsecho okoka ndi eni pulojekiti, inu mukungowapempha kuti atenge zomwe mwasintha. Pa GitLab, tsamba lina losungirako khodi, chinthu chomwechi amachitchula merge request. Pofotokozera munthu watsopano nenani kuti "pempho loti alandire zomwe mwasintha", pocheza chidule chake choti PR chikukwana.

Feature, kutanthauza chinthu chomwe pulogalamu imatha kuchita, nayo ndaifunsidwa kawiri. Osalimbana ndi kupeza dzina limodzi, ena ayesa "mbali", ena "luso", zonse zimatsimphina. Chichewa chimakonda mneni. M'malo moti "feature yatsopano yosakira" lembani kuti "Tsopano mutha kusaka uthenga ndi deti", wowerenga wamva kale chomwe chawonjezedwa ndi ntchito yake yomwe.

Mayi wina akuti pa gulu lawo akukangana, ena akufuna "Lowa" ndi "Tumiza" chifukwa ndi zazifupi ndipo zikukwana pa batani, ena akuti "Lowani" ndi "Tumizani".

Lowani, mayi. Simukudziwa yemwe wagwira foniyo, mwina ndi munthu wamkulu kuposa bambo anu, ndipo pulogalamu yomuuza kuti "lowa", "tuluka", "yesanso" ikumulankhula ngati kamwana kapena galu. Zilembo ziwiri za -ni sizingakuphereni dizaini, ngati batani lachepa likulitseni mu CSS, khodi yokonzera maonekedwe a tsamba, musadule ulemu kuti ukwane m'kabokosi. Ndipo mukasankha -ni mukhale naye paliponse, osati tsamba lina "Sungani" tsamba lina "Sunga". Ndikadali pa mabatani pomwepa, tsiku lina ndinatsegula fayilo ya zomasulira ya pulojekiti ina yomwe wina anangoiponya m'makina omasulira, ndinapeza save ili "Pulumutsani", home ili "Kunyumba", ndipo cancel ndi delete onse awiri ali "Fufutani". Ziwiri zoyambazo ndinaseka, koma chachitatucho ndi choopsa chifukwa munthu wofuna kungobwerera m'mbuyo angataye ntchito yake yonse. Save ndi Sungani, home ndi Poyambira, cancel ndi Lekani kapena Bwererani, Fufutani musiyireni delete yekha.

Lomaliza ndi la mnyamata yemwe akufunsa kuti foda ya zomasulira aitchule "ch" kapena "chi", komanso ngati ŵ wa kachipewa uja ndi wofunika. Chidule cha chiyankhulo chathu pa ISO 639-1, mndandanda wa dziko lonse wa zidule za ziyankhulo, ndi ny, cha zilembo zitatu ndi nya, zonse zochokera ku dzina loti Chinyanja. Mukalemba ch mwatchula Chamorro, chiyankhulo cha ku Guam, ndipo chi ndi Chitchaina, ndiye bulawuza izisokonezeka. Za ŵ, anthu ambiri masiku ano salemba ndipo palibe angakudzudzuleni, koma pulogalamu yanu isakane munthu amene wamulemba m'dzina lake kapena m'mawu ngati Malaŵi. Sungani zonse mu UTF-8, kasungidwe ka zilembo komwe kamalandira ŵ, ndipo pa kabokosi kosakira kaja muyese nokha, lembani "awa" muone ngati ikupezanso "aŵa".