Za matayala a MX-5 yanu ija

Achimwene, mwafunsa ngati mungaike matayala a saizi ya 195/50 R15 pa galimoto yanu ya Mazda MX-5 ya 1991, poti 185/60 R14 yakusowani muno mu Lusaka. Ikani, bola mupeze marimu a mainchesi 15. Msinkhu wa gudumu lonse ndi wofanana ndithu, 576 mm ndi 578 mm, ndiye sipidomita sikunamizani.

Chosintha ndi mphira wa m'mbali, ukuchoka pa 111 mm kufika pa 98 mm. Ndi maenje a m'dzinja aja, msana udzakuuzani. Ine ndinapinda rimu chaka chatha, tayala n'kutupa pambali ngati chithupsa. Za marimu a mainchesi 16 ndiye musayerekeze.

Akamanga, pindani chiwongolero mpaka kumapeto mumve ngati tayala likukhula penapake.