Za mabogi akale a sitima ndi bambo anu oyenda pa wilutcheya

Mayi a ku Chinamwali, mwafunsa pagulu lathu lino kuti n'chifukwa chiyani mabogi akale a sitima yapamtunda amaloledwa kunyamulabe anthu pamene munthu woyenda pa wilutcheya, monga bambo anu amene mukufuna kupita nawo ku Nayuchi pokakwerera ku Liwonde, sangalowemo popanda kuchita kunyamulidwa. Mwafunsanso kuti ngati mabogiwo sangakonzeke, bwanji osangowataya n'kugula atsopano. Anzathu ena akuyankhani kale kuti vuto ndi ndalama basi. Ndalama ndi mbali yaikulu ya nkhaniyi, koma yankho limenelo limabisa zinthu zingapo zimene zingatheke ngakhale thumba lili lopepuka, choncho ndiloleni ndifotokoze bwinobwino.

Kumbali ya malamulo simudalakwe. Dziko la Malawi lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo ndime 9 ya panganolo imatchula mayendedwe pakati pa zinthu zimene boma liyenera kuonetsetsa kuti aliyense akuzifikira. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la anthu aulumali, kenako mu 2024 padabwera lamulo latsopano limene lidasintha bungwe la boma loona za anthu aulumali la MACOHA kukhala MACODA. Kalembera wa 2018, amene adayendetsedwa ndi ofesi ya National Statistical Office ya konkuno ku Zomba, adapeza kuti mwa anthu khumi aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi ali ndi ulumali. Tikawonjezerapo agogo a mawondo ofooka, amayi oyembekezera ndi mayi wa mwana kumsana amene wasenzanso thumba la mpunga, tiona kuti khomo la sitima limavutitsa anthu ambiri kuposa mmene timaganizira. Komabe lamulo lalikulu limangonena za ufulu. Kuti injiniya agwire ntchito amafuna miyezo yolembedwa, yonena kuti khomo likule masentimita angati, potsetsereka papendekeke motani, ndiponso kuti ntchitoyo ikhale itatha pofika tsiku liti.

Vuto loyamba silili m'kati mwa bogi, lili pakati pa nthaka ndi khomo. Pansi pa bogi pamakhala pamwamba, pafupifupi mita imodzi kapena kuposerapo kuchokera pa njanji, ndipo pamalo ang'onoang'ono oimapo sitima, pomwe palibe pulatifomu yokwera, munthu amaima pa miyala ya m'mbali mwa njanji, n'kugwira chitsulo cha pakhomo ndi manja onse awiri, n'kudzikoka kukwera masitepe opapatiza amene adachita kutsamirana ngati makwerero. Muyezo umene amisiri a zomangamanga amatsatira m'maiko ambiri ndi wakuti potsetsereka poyendapo wilutcheya pakwere mita imodzi pa mamita 12 aliwonse, kutanthauza kuti thabwa lokwezera bambo anu kuchokera pansi liyenera kutalika mamita 12. Thabwa lotero silingasungidwe m'sitima, ndipo lalifupi limakhala lopendekeka kwambiri moti wokankha ndi wokankhidwa onse angagwe chagada.

Tiyerekeze kuti bambo afika pakhomo. Mabogi ambiri akale ali ndi makomo kumapeto, ndipo munthu akangolowa amayenera kukhota pakampata kakang'ono kuti aloze kumipando. Wilutcheya imene opanga sitima ku Ulaya amayezera ndi ya masentimita 70 m'lifupi ndi 120 m'litali, ndipo kuti itembenuke imafuna malo a masentimita 150. Wina anganene kuti ingodulani chitsulo mukuze khomolo, koma kumapeto kwa bogi n'kumene kuli mizati yoteteza anthu sitima ikawombana ndi chinthu. Kudula pamenepo kuli ngati kugumula chipupa chimene chanyamula denga kuti mukuze chitseko cha nyumba: zimatheka, koma muyenera kuyamba mwaika china chonyamula kulemerako. Ndiponso amisiri akangosasula malata a m'kati mwa bogi la zaka makumi anayi, kawirikawiri amapeza dzimbiri, nthambo zamagetsi zofumbwa, nthawi zina ngakhale asibesitosi amene kale ankaikidwa poteteza kutentha, ndipo ntchito imene idawerengeredwa miyezi iwiri imasanduka ya chaka.

Chimbudzi ndicho chimene chimadya ndalama ndi malo kwambiri. Chimbudzi cholowamo wilutcheya chimafuna chitseko chachikulu, zitsulo zogwirira, malo oti munthu asunthire pambali kuchoka pa mpando wake, ndi batani loitanira thandizo, ndipo kuti zonsezi zikwane mipando ingapo iyenera kuchotsedwa. Kwa woyendetsa sitima mpando uliwonse wochotsedwa ndi tikiti yotayika pa ulendo uliwonse. Koma kwa munthu amene ali pa ulendo wa maola ambiri, sitima yopanda chimbudzi choti alowemo imamukakamiza kusala madzi kuyambira dzulo lake, zimene zili zoopsa m'nyengo yotentha ya kuchigwa cha Shire.

Maiko olemera nawo adapunthwa pankhani yomweyi, ndipo chitsanzo cha Britain n'chophunzitsa. Kumeneko malamulo a 1998 adalamula kuti bogi lililonse latsopano likhale lofikirika kwa anthu aulumali, ndipo mu 2005 adaika malire akuti pofika pa 1 Januwale 2020 ngakhale mabogi akale akhale atakonzedwa kapena kuchotsedwa. Makampani adali ndi zaka pafupifupi khumi ndi zisanu zokonzekera, koma mu Disembala 2019, kutangotsala masiku ochepa, boma lidakakamizika kupereka zilolezo zapadera kwa mabogi pafupifupi 1,200 kuti ayendebe, popeza kuwaimitsa kukadasiya anthu ambirimbiri opanda sitima. Ena mwa iwo adali a sitima zotchedwa Pacer, zopangidwa m'zaka za m'ma 1980 pogwiritsa ntchito mathupi ofanana ndi a basi za Leyland, zokhala ndi sitepe pakhomo ndi kachimbudzi kothina. Kampani yobwereketsa sitima ya Porterbrook idakonzapo imodzi mu 2015 pofuna kuonetsa kuti zingatheke, koma ntchitoyo sidapitirire kwa zinazo. Zina zidaloledwa kuyenda pokhapokha zitalumikizidwa ku sitima ina yokwaniritsa miyezo, ndipo zomaliza zidapuma ku Wales mu Meyi 2021.

Sitima za InterCity 125 za ku Britain komweko, zimene zidayamba kuyenda mu 1976, zidatenga njira ina. Zitseko zake zinkatsegulidwa munthu atatsitsa galasi, n'kutulutsa mkono kunja, n'kupotokola chogwirira, chinthu chimene munthu wosaona kapena wa manja ofooka sakadatha. Makampani ena adatumiza mabogiwo kufakitale ya mumzinda wa Doncaster kuti akaikidwe zitseko zotsegulira batani, ntchitoyo idachedwa kwambiri, ndipo kampani ya CrossCountry idasiya kuyendetsa sitima zake zokonzedwazo mu Seputembala 2023, patangopita zaka zochepa ndalama zitalowa. Apa m'pamene pali mutu weniweni wa vuto: ukakonza mochedwa umawononga ndalama pa chitsulo chimene chatsala pang'ono kupuma, ukapanda kukonza umakhala ukuphwanya ufulu wa anthu tsiku ndi tsiku, ndipo ukachotsa bogilo usadapeze lolowa m'malo umalanga aliyense. Ine ndimaona kuti cholakwika cha a ku Britain sichidali kuika tsiku lomaliza, koma kuika tsiku limodzi lakutali popanda malire ang'onoang'ono panjira, moti ambiri adadikira kuti mwina sitima zatsopano zifika nthawi isadakwane.

Ku America, lamulo la ufulu wa anthu aulumali lotchedwa ADA la 1990 lidayamba ndi mfundo yapafupi yakuti pofika mu 1995 sitima iliyonse ikhale ndi bogi limodzi lolowamo wilutcheya, ndipo lidawonjezera kuti bogi la maulendo ataliatali likamamangidwanso kuti litumikire zaka zina khumi kapena kuposerapo, likonzedwenso kumbali ya anthu aulumali mmene kungathekere. Masiteshoni a Amtrak, kampani yoyendetsa sitima za anthu za maulendo ataliatali kumeneko, adapatsidwa mpaka 2010, koma nthawiyo idadutsa ambiri asadakonzedwe, mpaka nkhaniyo idathera pa mgwirizano ndi unduna wa zachilungamo wa dzikolo mu 2020.

Tsopano funso lanu lakuti bwanji osangogula atsopano. Njanji yathu ndi ya mamilimita 1,067 m'lifupi, yofanana ndi ya ku Mozambique, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa, pamene ya ku Britain ndi maiko ambiri a ku Ulaya ndi ya mamilimita 1,435, choncho sitingangotola mabogi amene iwo awasiya n'kuwaika pa njanji ya Nkaya kupita ku Nayuchi, imene idatsegulidwa mu 1970. Mu 1999 njanji za dziko lino zidayamba kuyendetsedwa ndi kampani ya Central East African Railways pa mgwirizano ndi boma, ndipo phindu lalikulu la njanji yopita kudoko la Nacala limachokera ku katundu, makamaka malasha a ku Moatize m'dziko la Mozambique, osati ku matikiti a anthu a m'midzi ya pakati pa nyanja za Chilwa ndi Chiuta. Sitima ya anthu ikakhala ya mabogi owerengeka, kuchotsapo limodzi kuti likakhale m'galaja miyezi isanu ndi umodzi kumatanthauza kuthinana koopsa m'mabogi otsalawo. Ndipo kuimitsiratu sitimayo chifukwa sikukwaniritsa miyezo kungapweteke kwambiri anthu aulumali omwewo, popeza kumadera amenewo misewu imavuta m'dzinja ndipo chotsala chimakhala kabaza wa njinga yamoto, amene wilutcheya sangainyamule bwino. Ngakhale bogi latsopano kwambiri, likaima pamalo popanda pulatifomu, bambo anu adzanyamulidwabe.

Chifukwa cha zimenezi, maganizo anga ndi akuti ntchito iyambire pansi. Siteshoni ngati ya Liwonde, ya Balaka kapena ya Limbe siifuna kukwezedwa yonse. Pangamangidwe kagawo kamodzi kokwera kofanana msinkhu ndi khomo la bogi, kokhala ndi potsetsereka pake, kenako pakhale kathabwa kachitsulo kafupi kolumikiza kagawoko ndi khomo, popeza pulatifomu yokwera iyenera kusiya mpata woti mabogi a katundu adutse osakhula. Njira yotere imagwiritsidwa ntchito pa masiteshoni ena ozungulira mzinda wa Boston ku America, ndipo ku England adayesa yofanana nayo pa siteshoni ya Harrington mu 2008 pokweza kagawo kochepa m'malo momanganso pulatifomu yonse. Zikatero, bogi limodzi lokha ndilo likonzedwe mokwanira, khomo, malo a wilutcheya ndi chimbudzi, ndipo lizilumikizidwa pamalo amodzimodzi m'sitima nthawi zonse kuti dalaivala adziwe poimika. Simenti, njerwa ndi owotcherera zitsulo tili nawo m'dziko momwe muno.

Palinso zinthu zimene siziyenera kudikira bajeti ya boma, ndipo zikachedwa sitinganamizire ukalamba wa mabogi. Kupaka penti yachikasu m'mphepete mwa masitepe ndi pa zitsulo zogwirira kumathandiza munthu woona pang'ono, kulengeza dzina la siteshoni mokweza sitima isadaime kumathandiza wosaona, kulemba nthawi ndi zosintha za ulendo pa bolodi kumathandiza wosamva, ndipo kusunga mipando ya pafupi ndi khomo kuti isadzazidwe madengu a nsomba kumangofuna kondakitala wolimba mtima. Ogwira ntchito aphunzitsidwe kunyamula munthu mwaulemu, pomufunsa iye mwini kuti agwiridwe pati, osati kumutola ngati katundu anthu akuonerera. Bogi lakale likaloledwa kuyendabe, chilolezocho chikhale cholembedwa, chonena chimene chikusowa, chimene chichitike pakadali pano, ndi tsiku limene chidzathe mphamvu. Ndipo bogi lililonse likalowa m'galaja kukakonzedwa kwakukulu, kapena boma likamagula latsopano, miyezo ya anthu aulumali ikhale m'pangano kuyambira pachiyambi, ndipo mabungwe a anthu aulumali ngati FEDOMA aitanidwe kudzayesa ndi wilutcheya yeniyeni ndalama zisadalipidwe.

Za ulendo wa bambo, ndikulangizani kuti mupite kapena mutume munthu ku siteshoni ya Liwonde masiku angapo ulendo usadafike, popeza kuchokera kuno ndi makilomita pafupifupi 50 okha pa msewu wa M3, mukaonane ndi woyang'anira siteshoni, mufunse tsiku ndi nthawi ya sitima, bogi limene lili ndi khomo lotakasuka, ndiponso ngati angakusungireni mpando wa pafupi ndi khomo. Yezani m'lifupi mwa wilutcheya ya bambo ndi tepi ya atelala, ndipo ngati ili yopindika zinthu zidzapepukako. Mukhale ndi amuna awiri amphamvu amene bambo amawadziwa ndi kuwakhulupirira, wina akhale m'mwamba wina pansi, ndipo mukonzeretu wokulandirani kotsikira chifukwa sitima sichedwa pamalo ang'onoang'ono. Mukabwerako lembani zimene mwaona, siteshoni, tsiku ndi chimene chidavuta, mutumize kalata ku MACODA, ku FEDOMA ndi ku Malawi Human Rights Commission, ndipo kope lina mupereke kwa phungu wa dera lanu kuti akafunse nduna ya zamtengatenga m'Nyumba ya Malamulo za miyezo ya mabogi onyamula anthu ndi tsiku loikwaniritsira.