Timapepala ta sinowo: mwana wanga analira m'kalasi

Achemwali, mwafunsa ngati kudula timapepala tooneka ngati sinowo kungathandize mwana wanu pa symmetry, kutanthauza kufanana ndendende kwa mbali ziwiri za chinthu mukachipinda pa mzere. Yambani naye mwanayo, kumathandizadi. Koma inetu nkhaniyi ikangotchulidwa mtima umandiwawa.

Wanga anali Year 4 kuno ku Leeds ku England, kalasi imene amaphunzira kupeza mizere ya symmetry pa zinthu zotembenuzidwa mbali zosiyanasiyana. Disembala atafika anapempha makolo oti akathandize kukongoletsa kalasi, ine n'kupita. Kunyumba tinali titayeserera kale. Pepala la sikweya mumalipinda kona ndi kona, pakati pa mbali yaitaliyo mumapindanso zigawo zitatu zofanana, chilichonse madigiri 60, kenako pakati kachiwiri. Mapepala amasanjikizana 12, ndipo mukadula n'kutambasula mumapeza nthambi 6 ndi mizere 6 ya symmetry. Sinowo weniweni amakhala choncho, chifukwa madzi akamaundana tizidutswa take timalumikizana mwa makona 6. Katswiri wa zakuthambo Johannes Kepler ankadabwa nazo kale mu 1611, ndipo Wilson Bentley wa ku Vermont ku America, amene anayamba kujambula sinowo pa maikulosikopu mu 1885, anasiya zithunzi zoposa 5,000. Mwana wanga anali ataziona pa intaneti, akunyadira kuti akawauza anzake.

Koma tsikulo mphunzitsi wa kalasiyo ananena kuti aliyense apinde pakati, pakatinso, pakatinso. Kupinda kumeneko kumapereka mizere 4 basi, osati 6. Mwana anakweza dzanja bwinobwino, mwaulemu, n'kunena kuti sinowo sakhala choncho. Mayiyo sanamuyankhe. Anangobwera, n'kumulanda pepala m'manja, n'kulikweza m'mwamba kuti kalasi yonse ione mmene munthu wosamvera malangizo amapindira. Kenako anatenga sizasi n'kudula mbali yopindidwayo yonse kuchokera pansi mpaka pamwamba. Achemwali, aliyense amene wagwirapo zimenezi akudziwa kuti mzere wopindidwawo ndi umene umagwira pepala. Atalitambasula linangoyoyoka, tizidutswa mbwee pansi pa desiki. Ana kuseka. Wanga anagwada n'kumatola kamodzikamodzi kuika m'thumba la juzi, misozi ili chuchuchu, ine ndili chilili kumbuyo ndi selotepi m'manja. Pawindo anamata a anzake onse, ake munalibe.

Ndinamudikira pakhomo poweruka. Akuti cholinga chinali kukongoletsa, osati sayansi. Ndiye pa bolodi munalemberanji symmetry? Munthu wolipidwa kuphunzitsa masamu koma kupinda pepala patatu kukumukanika, n'kumakalipira mwana wazaka 8 amene wamuposa! Ndinalemba kalata kwa ahedi, yankho lake linali lakuti amva nkhawa zanga. Basi. Mwana anatha teremu yonse osakwezanso dzanja.

Ndiye inu musavutike ndi makona 6 poyamba. Ngati wanu ali ndi zaka 6 kapena 7, apinde pakati kamodzi, adule, atambasule, aone yekha kuti chimene wadula uku chatulukanso uko. Imikani kagalasi pa mzerewo, amasangalala kwambiri. Mizere 4 ndi symmetry ndithu, palibe cholakwika, mwana asamapanikizidwe. Madigiri 60 abwera akakula, ndipo pamenepo mugwiritse protractor, kachipangizo koyezera madigiri, chifukwa kungoyerekeza ndi maso nthambi zimatuluka zina zazitali zina zazifupi. Pepala likhale lopyapyala, la nyuzipepala kapena lokutira mphatso, poti la printer likasanjikizana 12 sizasi ya ana siidula, amangotupa zala. Asanatambasule muzimufunsa kuti ganizo lake n'loti kabowo aka katuluka kangati, awerenge akatsegula.

Ndipo mumuuze kuti kusukulu azingotsatira zimene aphunzitsi anena, zolondolazo azichita kunyumba. Koma wina akadzamulanda pepala ngati mmene anachitira ndi wanga, musalembe kalata, pitani konko tsiku lomwelo.