Tifunseni: Nambala ya pa detekita ndi mphete zotayika

Funso: Akonzi, ndinaitanitsa detekita (makina osakira zitsulo zokwiririka) ya Garrett ACE 400 kuchokera ku Johannesburg. Ikalira imalemba nambala pakati pa 0 ndi 99, koma mwezi wathunthu ndangofukula zitini ndi misomali. Nambala ya golide ndi iti kuti ndizingokumba yomweyo? *Wowerenga wa ku Luwinga*

Yankho: Achimwene, golide alibe nambala yakeyake. Makina saona mtundu wa chitsulo. Koyilo, mbale yozungulira ya kunsi ija, imaponya mphamvu ya maginito m'nthaka, mphamvuyo n'kudzutsa timagetsi tozungulira mkati mwa chinthu chokwiririka. Makina amangoyeza mmene timagetsito tikubwezera, ndipo kubwezako kumadalira zitatu: mmene chitsulocho chimadutsitsira magetsi, kunenepa kwake ndi maumbidwe ake.

Vuto la golide wovala n'lakuti ndi wosakaniza. Wa makarati 9 amakhala ndi magawo 375 okha a golide pa 1,000 alionse, wa 14 magawo 585, wa 18 magawo 750. Otsalawo ndi mkuwa, siliva kapena zinki, ndipo golide woyererako amamuthira nikelo kapena paladiyamu. Kusakaniza kumeneku kumagwetsa kwambiri kadutsidwe ka magetsi, n'chifukwa chake mphete imatsikira pakati pa zinyalala za aluminiyamu. Pa makina anu ayironi amakonda kukhala pansi pa 40. Kandolo kapena kamphete kopyapyala ka amayi kamagwera cha m'ma 40 mpaka 50, pamodzi ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu. Mphete yaukwati yapakatikati imapezeka cha m'ma 50 ndi 60, malo enieni a kotsegulira chitini cha zakumwa. Yonenepa ya abambo imatha kukwera kufika m'ma 70.

Tsono mukatseka manambala a zitini kuti makina asalire pa zitinizo, mwatsekera golide kunja. Tsekani ayironi yekha. Pakati pa 40 ndi 75 kumbani chilichonse cholira mosasintha. Mmene mungasankhire ndi umu: dutsitsani koyilo pamalopo kanayi kapena kasanu, kenako zungulirani muime cham'mbali n'kudutsitsanso. Mphete yogona chafufumimba ndi yozungulira mbali zonse, choncho nambala yake imasuntha ndi 1 kapena 2 basi, kulira kwake n'kwakufupi, kodukiza bwino. Chitini chophwanyika chimalumpha 48, 63, 55, ndipo kulira kwake kumatambalala. Kotsegulira chitini kathunthu kokha ndi kamene kamanamiza ngakhale akatswiri. Kameneko palibe njira, kumbani ndithu.

Funso: Tcheni changa cha golide ndi mphete yachinkhoswe zinagwa pa kapinga kunyumba tsiku la phwando. Mlamu wanga wandibwereka Minelab Vanquish. Ndiyambire pati? *Mayi wa ku Katoto*

Yankho: Pepani mayi. Choyamba dziwani kuti Vanquish imawerenga kuyambira -9 mpaka 40, kotero manambala tatchula pamwambapa musawatengere kumeneko. Pa makina amenewa ayironi amakhala pa 0 kutsika mmunsi, golide wovala kawirikawiri pakati pa 1 ndi 20, siliva kupitirira 20.

Pezani mphete ina yofanana nayo kukula, muiike pa kapinga pomwepo, mumve kalilidwe kake ndi kulemba nambala yake. Gawani bwalo ndi zingwe m'mizere ya mita imodzi mulifupi. Yendani pang'onopang'ono koyilo ikukhudza udzu, ulendo uliwonse uziphimba theka la pamene mwadutsa kale. Popeza zangogwa kumene zili pamwamba, chepetsani Sensitivity (mphamvu ya makina yomvera zitsulo) kufika pakatikati kuti misomali yakuya isakusokonezeni, ndipo musakumbe, pendani ndi zala m'mizu ya udzu.

Tcheni ndicho chovuta. Makina sachiona chonse, amaona kalumikizidwe kamodzikamodzi, ndipo kalikonse n'kakang'ono zedi. Chimalira monong'ona pa 1, 2 kapena 3, nthawi zina osalira n'komwe pokhapokha koyilo idutse pa kokolekera. Pochifuna, bwezerani Sensitivity pamwamba ndipo muvale mahedifoni. Kumbukiraninso kuti mphete yoduka imawerenga pansi kwambiri kusiyana ndi yathunthu, chifukwa timagetsi tija tasowa njira yozungulira.

Funso: Nokta Simplex+ yanga imangobwebweta, manambala kuvina, makamaka mvula ikagwa. Yawonongeka? *Mnyamata wa ku Mchengautuwa*

Yankho: Mwina ayi. Katondo wathu wa kuno ku Mzuzu ndi wofiira chifukwa cha ayironi wa m'dothi, ndipo akanyowa amabweza mphamvu yambiri kwa koyilo. Pezani malo opanda chitsulo, tsegulani Ground Balance (yozoloweretsa makina dothi la pamalopo), muzikweza ndi kutsitsa koyilo kuchokera masentimita 3 mpaka 15 kapena 20 pamwamba pa nthaka kufikira makina atavomereza. Mukachoka pa katondo kupita kudambo, bwerezani. Eni ACE 400 alibe batani limeneli, iwo angochepetsa Sensitivity.

Ngati kubwebwetako kukupitirira koyilo ili m'mwamba, si dothi. Ndi mawaya a ESCOM, thiransifoma kapena foni ya m'thumba mwanu. Zimitsani foni, sunthani frequency (liwiro la mafunde amene makina amaponya) pang'ono, talikirani mawayawo. Onaninso waya wa koyilo, ukakhala wolendewera umanamiza makina. Uzengeni mothina pa ndodo.

Pali china chimene ambiri sachidziwa: nambala imadalirika pa zinthu zosazama. Kupitirira masentimita 15 mu katondo, dothi limayamba kukoka nambala, ndipo mphete yabwinobwino imatha kumveka ngati ayironi mbali imodzi. Kulira kofooka koma kobwerezabwereza pamalo amodzi, palani dothi la pamwamba masentimita asanu muyezenso. Nambala ikakhazikika, pitirizani.

Funso: Ku gombe la Chikale ku Nkhata Bay ndimapeza 80 ndi 85, ndikakumba ndi zitsekerero za mabotolo. Nanga si siliva ndiye amakhala pamwamba? *Bambo wa ku Chibavi*

Yankho: Zoona bambo, siliva wa chidindo cha 925 amadutsitsa magetsi bwino ndipo pa makina a 0 mpaka 99 amakonda kukhala m'ma 80 ndi 90, kandolo kokha ndiko kamatsikirako. Chitsekerero ndi ayironi, koma n'chozungulira komanso chaphanthiphanthi, ndiye chimanamizira siliva. Chigwireni motere: tsegulani kulira kwa ayironi, muzigwedeza koyilo uku mukuibweza kwa inu mpaka m'mphepete mwake mufike pa chinthucho. Chitsekerero chimayamba kudzuma mokhuthala, nambala n'kugwa. Siliva amalira mosalala mpaka kuzimirira.

Madzi a m'nyanja yathu alibe mchere, choncho simufunika kuika makina pa za kugombe la mchere. Chosokoneza ndi mizere ya mchenga wakuda, umene uli ndi ayironi. Pamenepo kwezani koyilo pang'ono. Golide ndi wolemera, amamira m'mchenga wofewa mpaka atapeza pouma, choncho sakani pamene mafunde akokolola n'kusiya timiyala. Pemphani chilolezo kwa eni malo kapena amfumu, kumanda musayandikireko, ndipo mphete ya mwini ikapezeka kaneneni kupolisi. Zakale monga zibangili za makolo zimatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act, kazisonyezeni ku Mzuzu Museum.

Funso: Ndatola mphete yachikasu. Ndidziwa bwanji kuti ndi golide weniweni? *Wowerenga wa ku Zolozolo*

Yankho: Yang'anani mkati mwake: 375, 585, 750 kapena 916 ndi zidindo za golide, 925 ndi siliva, pamene GP ndi wongokutira pamwamba. Chidindo chimatha kukhala chabodza, ndiye yesani maginito. Ikakakamira si golide, koma kusakakamira si umboni, pakuti mkuwanso sugwira. Golide amatuluka m'dothi akuwala, siliva amada, mkuwa umabiriwira.

Muyeso wodalirika kunyumba ndi wa madzi, pa sikelo yowerenga mpaka 0.01 ya galamu. Yezani mphete youma. Ikani kapu ya madzi pa sikelo, bwezani pa ziro, lendewetsani mphete ndi ulusi imire yonse osakhudza pansi kapena m'mbali. Gawani kulemera koyamba ndi nambala yachiwiriyi. Golide wa makarati 18 amapereka 15 mpaka 16, wa 14 cha pa 13, wa 9 cha pa 11, siliva 10.3, mkuwa wachikasu 8.5. Mphete yokhala ndi mwala kapena yamphako mkati imatsitsa yankho, imeneyo pitani nayo kwa osula ndolo ndi mphete akaiyese ndi asidi.